Mmene Munthu Amadzionera ndi Mmene Amalankhulira Kuchipatala

Tsiku lililonse anthu ambirimbiri amalawira m'bandakucha kupita kuchipatala. Ena amayenda pansi, ena pa njinga, ena atabereka mwana kumsana ndi kamtolo ka mbatata kumutu. Akafika amakhala pamzere kufikira dzuwa lili paliwombo. Komabe nthawi imene wodwala amakhala maso ndi maso ndi wachipatala ndi yaifupi zedi, mwina mphindi zowerengeka chabe. Phindu lonse la ulendowo lagona m'mphindi zimenezo. Wodwala akalephera kunena chimene chamdzetsa, kapena akatuluka asanamvetse chimene wauzidwa, ndiye kuti wayenda ulendo wachabe ngakhale abwerere ndi mankhwala m'manja.

Ambiri amaganiza kuti chimene chimapeza nthenda ndi zida: kagalasi koyezera kutentha kwa thupi, chomvera m'chifuwa, kapena makina oyezera magazi. Zidazi nzothandiza ndithu, koma choposa zonse ndi pakamwa pa wodwala mwini wake. Mu 1975 madokotala a ku Nottingham, m'dziko la England, anafalitsa zimene anapeza atatsatira odwala 80 amene anatumizidwa kwa iwo koyamba. Mwa odwala 66, nthenda imene dokotala anaiganizira atangowerenga kalata yotumizira wodwalayo ndi kumva mbiri yake, asanamgwire nkomwe, ndiyo inapezeka kuti inali yoona.

Tsono ngati mau ali ofunika chotere, nchifukwa ninji odwala ambiri amauma pakamwa akalowa m'chipinda? Mayi amene kumsika amalankhula momasuka, amene pabwalo la amfumu amatha kufotokoza mlandu kuchokera kumutu mpaka kumchira, akakhala pa mpando wa kuchipatala amangoti, "M'thupi monsemu," nakhala chete. Chimene chamanga lilime lake si nthendayo ayi. Ndi mmene akudzionera pamaso pa munthu wovala zoyera uja. Kulankhula kwa munthu ndi kudziona kwake nzolukana ngati nkhosi za chingwe chimodzi, ndipo wofuna kumasula chimodzi ayenera kudziwa zonse ziwiri.

Ulendo wa uthenga

Aliyense amene anatumapo mwana kukanena uthenga kumudzi wina amadziwa kuti mau amasintha panjira. Wotuma anati maliro aikidwa mkuja, koma olandira anamva kuti mawa. Akatswiri a za kulankhulana amati pa kucheza kulikonse pamakhala wotumiza, uthenga, njira imene uthengawo ukudzera, wolandira, ndi yankho lobwerera kwa wotumiza uja. Chilichonse chimene chimapotoza uthenga panjirapo amachitcha phokoso, ngakhale chikhale chosamveka ndi makutu.

Wodwala amayamba ndi ululu umene uli mkati mwake. Ululu sautulutsa nkuuika pa tebulo. Ayenera kuusandutsa mau. Wachipatala naye amatenga mauwo nawamasulira potsata zimene iye anaphunzira. Nchifukwa chake liu limodzi lingathe kutuluka m'kamwa likutanthauza china, nkukafika m'khutu likutanthauza chinanso.

Liu loti malungo ndi chitsanzo chodziwika. Kumudzi munthu akamva kuphwanya m'thupi, kuzizidwa kapena kutentha thupi, amati ndi malungo. Kwa wachipatala malungo ndi nthenda imodzi yokha, yoyamba ndi tizilombo tolowa m'magazi udzudzu ukaluma, ndipo imatsimikizika poyeza kadontho ka magazi. Wodwala akauzidwa kuti alibe malungo angathe kupita kwawo atakhumudwa, poganiza kuti amuyesa wabodza kapena amumana mankhwala. Pamene wachipatala amatanthauza kuti kutentha thupiko kwachokera kwina kumene nkofunika kufufuza, monga chibayo, zilonda za kukhosi kapena nthenda ya m'chikhodzodzo. Apa funso limodzi limaongola zonse: "Nanga ngati si malungo chingakhale chiyani, adokotala, ndipo ndibwerenso liti ngati sindipeza bwino?"

Chichewa chili ndi mau ambiri aulemu obisiramo zinthu zochititsa manyazi. Namwino angafunse mtsikana kuti, "Munasamba liti komaliza?" ndipo mtsikanayo, chifukwa cha mantha, nayankha kuti m'mawa womwe uno. Nkhaniyi imaseketsa, koma namwino amafunsa za msambo wa mwezi pofuna kudziwa ngati pali pathupi, pakuti mankhwala ena sayenera mayi woyembekezera. Chimodzimodzi bambo wodwala chinzonono anganene kuti m'chiuno mukupweteka, nalandira mankhwala opha ululu chabe. Nthenda yeniyeni imatsala, ndipo imakafika kwa mkazi wake, kumene ingathe kutseka njira ya ubereki. Ulemu ndi chuma cha mtundu ndipo suyenera kutayidwa. Koma m'chipinda cha kuchipatala liu laulemu litsogole, kenaka litsatidwe ndi liu lolunjika, losonyeza malo enieni ndi chimene chikutuluka kapena kupweteka pamenepo.

Uthenga wochokera kwa wachipatala nawonso umasokera. Kuyambira 1993 mpaka 2007 mankhwala oyambirira a malungo m'Malawi anali Fansidar, amene munthu ankamwa kamodzi basi. Mu 2007 boma linayamba kupereka LA, amene amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndipo munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4 nthawi iliyonse, onse pamodzi 24. Malangizo amenewa ali ndi manambala atatu, ndipo pawindo lolandirira mankhwala, pakati pa chipiringu cha anthu, nkosavuta kuwasokoneza. Wina amamwa katatu pa tsiku, wina akapeza bwino tsiku lachiwiri amasunga otsalawo kuti adzathandize mwana akadzadwala. Tizilombo timene sitinafe timachulukananso, ndipo nthenda imabwerera.

Phokoso lili la mitundumitundu. Lina nlakunja: mwana akulira pamiyendo, khomo lili pululu, anthu a pamzere akutchera khutu. Lina nla chilankhulo: agogo amene kwawo amalankhula Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena angamve Chichewa cha moni ndi malonda, koma osati cha ziwalo za m'thupi, ndipo liu limodzi la Chingerezi limawasokoneza kotheratu. Koma phokoso loopsa ndi lamkati, limene palibe amalimva: njala, ululu, nkhawa ya ulendo wobwerera, ndi mantha. Munthu akangomva dzina la nthenda yoopsa makutu amatsekeka, ndipo zonse zotsatira zimangodutsa ngati mphepo. Mu 2003 katswiri wina wa ku Netherlands, Roy Kessels, atasonkhanitsa zofufuza zambiri, analemba kuti odwala amaiwala nthawi yomweyo magawo 40 mpaka 80 pa 100 alionse a zimene achipatala awauza, ndi kuti pa zimene amakumbukirazo pafupifupi theka zimakhala zolakwika. Zofufuzazo zinachitika makamaka kumaiko kumene pafupifupi aliyense anapita kusukulu. Choncho kuiwala malangizo si chizindikiro cha umbuli. Ndi mmene mutu wa munthu wodwala umagwirira ntchito.

Mankhwala a phokoso ndi yankho. Koma pali yankho lina lonyenga, lija loti "Eya, eya, ndamva." Mwana wophunzitsidwa mwambo sauza wamkulu kuti sanamve, ndipo akakula amatenga khalidwe lomwelo kupita nalo kuchipatala. "Eya" wotere amatanthauza kuti "ndakulemekezani," osati "ndamvetsa." Njira yodalirika ndi yakuti wodwala abwereze malangizowo m'mau akeake: "Ngati ndamva bwino, anamwino, paketi imodzi ya Thanzi ndisungunule m'lita imodzi ya madzi abwino, ndizimupatsa pang'onopang'ono, ndipo ndisaleke kumuyamwitsa." Ngati pali cholakwika chimaonekera pompo, wodwala asanatuluke pakhomo. Wachipatala wodziwa ntchito amapempha yekha kubwereza kotereku, ndipo sayesa wodwala mayeso. Amadziyesa yekha ngati wafotokoza bwino. Akale anati safunsa anadya phula.

Thupi nalo limalankhula

Uthenga sudzera m'mau okha. Nkhope, maso, manja, kakhalidwe ka pa mpando ndi kamvekedwe ka liu zonse zimanena kanthu, ndipo pamene mau ndi nkhope zitsutsana, anthu amakhulupirira nkhope. Wachipatala amene amati "Nenani vuto lanu" maso ali pa buku, cholembera chikuyenda kale, wanena ndi thupi lake kuti nthawi palibe. Wodwala amene akuti "Ndili bwinoko" koma wagwira pamimba ndipo wakhala cha m'mphepete mwa mpando, wanena kuti sali bwino.

Zizindikiro zoterezi sizitanthauza chimodzi kulikonse. Kumaiko ena munthu wosayang'ana mnzake m'maso amamuganizira kuti akubisa kanthu. Kumudzi kuwerama ndi kuyang'ana pansi ndi ulemu, monganso kulandira chinthu ndi manja awiri. Nako kukhala chete kuli ndi matanthauzo ambiri: kuvomera, kukana mwaulemu, manyazi, kapena kudikira kuti wamkulu ayambe. Mkazi amene wakhala chete pamene mwamuna wake kapena apongozi ake akumuyankhira mafunso onse, mwina ali ndi mau amene angatuluke pokhapokha operekezawo atatuluka panja.

Chithunzi cha mumtima

Munthu aliyense amayenda ndi chithunzi cha iye mwini mumtima mwake. M'chithunzimo muli zimene amakhulupirira za thupi lake, nzeru zake, ndi malo ake pakati pa anthu: "Ndine mlimi wakhama," "ndine mayi wa ana asanu," "ndine wosaphunzira," "ndine munthu wamba, wosayenera kuvutitsa akuluakulu." Mulinso mtengo umene amadziika, ngati amadziona wofunika kapena wachabechabe. Carl Rogers, katswiri wa za maganizo wa ku America amene anakhala ndi moyo kuyambira 1902 mpaka 1987, anaphunzitsa kuti pambali pa chithunzi chimenechi pamakhalanso china, cha munthu amene mwini wakeyo amalakalaka atakhala. Zithunzi ziwirizi zikatalikirana kwambiri, mtima susowa chowawa.

Palibe amene amabadwa nacho chithunzi chimenechi. Khanda silidziwa nkomwe kuti nkhope ya m'galasi ndi yake. Ana ambiri amayamba kudzizindikira m'galasi akakwana pafupifupi chaka chimodzi ndi theka kapena zaka 2. Kuyambira pamenepo chithunzi chimajambulidwa ndi mau ndi nkhope za anthu ena. Mu 1902 Charles Horton Cooley, mphunzitsi wa ku America, analemba kuti anthu ena ali ngati galasi lodziyang'anirapo: munthu amaganizira mmene akuonekera kwa mnzake, amaganizira mmene mnzakeyo akumuweruzira, kenaka amamva kunyada kapena manyazi. Makolo akale sanafunikire buku kuti adziwe zimenezi, pakuti iwo anati kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu.

Mfundo imodzi ya Cooley ndi yofunika kuigwiritsa. Chimene chimaumba munthu si zenizeni zimene mnzake akuganiza, koma zimene iye akuyesa kuti mnzakeyo akuganiza. Mayi wovala chitenje chothaitha angakhale wotsimikiza kuti namwino akumunyoza, pamene namwinoyo akungowerenga mumtima anthu amene atsala pamzere. Manyazi a mayiyo ndi enieni ngakhale kunyozako kulibe, ndipo ndi manyazi omwewo amene amamletsa kufunsa.

Ana ndiwo amajambulika msanga. Mwana amene tsiku ndi tsiku amamva kuti ndi chitsiru, mbuli kapena wosamva, amafika pokhulupirira, naleka kuyesa. Mu 1968 Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa zimene anapeza pa sukulu ina ya pulaimale ku California. Aphunzitsi anauzidwa kuti ana ena, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse, adzapita patsogolo kwambiri chaka chimenecho, pamene anawo anangosankhidwa mwa maere. Pakutha pa chaka ana amenewo, makamaka a makalasi oyambirira, anakhozadi bwino mayeso a nzeru kuposa anzawo. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti mphamvu imeneyi si yaikulu monga inaonekera poyamba, koma kuti ilipo ndithu. Kholo lodzudzula mwana lichita bwino kudzudzula chimene wachita, osati chimene iye ali. "Wataya madzi, katungenso" ndi mau olangiza. "Ndiwe wopanda pake" ndi dzina, ndipo dzina limamatirira.

Zomwezi zimachitika kusikelo ya ana. Mwana akapezeka kuti sakukwera sikelo, mayi wake amakhala ataona kale ndipo mtima uli m'mwamba. Ngati akalipiridwa pamaso pa anzake kuti ndi waulesi ndi wosasamala, galasi lamuonetsa nkhope ya mayi wolephera. Mwezi wotsatira sabweranso, osati chifukwa sakonda mwana wake, koma chifukwa palibe munthu amabwerera mokondwa kumene anachitira manyazi. Mwana wofunika kuonedwa koposa onse ndiye amasowa. Pamene akanafunsidwa pambali kuti, "Mayi, pakhomo zinthu zili bwanji mwezi uno?" pakanatuluka choona: nkhokwe yatha, kapena mwana wakhala akutsegula m'mimba, kapena mayiyo ali ndi pathupi pena ndipo wamletsa kuyamwa poopa zonena za anthu.

Nthenda zina zimafika mpaka polanda munthu dzina. Wodwala khate amasanduka "wakhate," wodwala khunyu "wakhunyu," ngati kuti nthendayo ndiyo munthu yense. Wotchedwa chotero amayamba kudzipatula yekha anthu asanampatule, nabisala m'nyumba nthawi imene akanachira. Chikhalirecho khate limachizika ndi mankhwala omwa kwa miyezi 6 kapena 12, ndipo wofika msanga salumala. Khunyu silipatsirana, kaya ndi malovu kaya pogwira wakugwayo, ndipo Bungwe la Zaumoyo Padziko Lonse limati odwala ofika 70 pa 100 alionse angathe kukhala osagwa atalandira mankhwala oyenera. Mayi amene mkodzo umangotuluka wokha atachira movutikira sanalodzedwe ndipo sanachimwe. Mutu wa mwana unakhalitsa m'njira nuboola chikhodzodzo, ndipo bowolo limasokedwa ndi opaleshoni, monga amachitira pa chipatala cha Bwaila ku Lilongwe. Wopezeka ndi HIV ali ndi mankhwala a ARV, amene boma lakhala likupereka kwaulere kuyambira 2004, ndipo wowamwa mokhulupirika amalima, amabereka ana opanda kachilombo, nakalamba ngati wina aliyense. Koma zonsezi zimathandiza munthu amene watuluka m'nyumba nakatsegula pakamwa.

Chithunzi chingathenso kupotoka cha kumwamba. Bambo amene anakula akumva kuti mwamuna salira amadziona ngati mtengo wosagwa. Amatsokomola mwezi wathunthu, thupi likutha, thukuta la usiku likunyowetsa mphasa, koma kukakhala pamzere pamodzi ndi amayi ndi ana amakuona ngati kudzitsitsa. Chifuwa chopitirira milungu 2 nchofunika kuyezetsa makhololo, pakuti chifuwa chachikulu chimachizika ndi mankhwala a miyezi 6. Koma bambo wotere amafika atanyamulidwa, atapatsira kale a m'nyumba mwake. Kudzichepetsa kopitirira ndi kudzikuza zimaoneka zosiyana, koma zonse zimatseka pakamwa.

Zenera la magalasi anayi

Mu 1955 akatswiri awiri a ku America, Joseph Luft ndi Harrington Ingham, anayerekeza munthu ndi zenera la magalasi anayi, nalitcha Johari polumikiza maina awo. Galasi loyamba ndi la zimene munthu amadzidziwa ndipo ena amazidziwanso. Lachiwiri ndi la zimene ena amaona koma mwini wake saziona. Lachitatu ndi la zimene mwini amadziwa koma amabisa. Lachinayi ndi la zimene palibe akuzidziwa, mwini wake kapena ena.

Kuchipatala zenerali limagwira ntchito mooneka. Wogwa khunyu sadziwa mmene amagwera, ndipo munthu saona yekha kuti maso ake achita chikasu kapena kuti wayamba kuiwalaiwala. Izi nza galasi lachiwiri, ndipo nchifukwa chake mau a woperekeza amene amakhala naye pakhomo ndi amtengo wapatali. Galasi lachinayi limatseguka ndi kuyezetsa. Kuthamanga kwa magazi, nthenda ya shuga ndi HIV zingathe kukhala m'thupi zaka zambiri munthu akudziona wathanzi.

Galasi lachitatu ndilo lovuta, chifukwa mfungulo wake uli ndi wodwala yekha. M'menemo mumabisala mankhwala azitsamba amene anamwa asanabwere, mapiritsi amene anagula pa golosale, masiku amene anadumphitsa mankhwala, pathupi pamene panapita padera, mowa, ndi nkhanza za m'banja. Wodwala amabisa poteteza chithunzi chake, kuti asaoneke wotsalira kapena wosamvera. Koma wachipatala wosauzidwa kuti mayi amene ali m'matenda wamwa mankhwala ofulumizitsa kuchira sangadziwe chifukwa chake chiberekero chikukoka mopitirira muyeso, ndipo wosauzidwa kuti mankhwala anadumphitsidwa angaganize kuti sakugwira ntchito, nawasintha popanda chifukwa. Achipatala ali ndi lamulo losunga chinsinsi cha wodwala. Aliyense ali ndi ufulu wopempha kuti chitseko chitsekedwe, kuti operekeza adikire panja, kapena kuti aonedwe ndi wamkazi mnzake ngati alipo.

Wa kuseri kwa tebulo

Wachipatala naye ndi munthu, ndipo ali ndi chithunzi chake. Amene waona odwala ochuluka kuyambira m'mawa, mankhwala ena atatha m'nkhokwe, angathe kumva funso la wodwala ngati kumderera. Wina amaopa kuti akalola wodwala kulankhula, nkhani sidzatha. Mu 1984 ofufuza awiri a ku America, Howard Beckman ndi Richard Frankel, anamvetsera makambirano 74 a madokotala ndi odwala, napeza kuti dokotala ankadula mau wodwala patangopita masekondi pafupifupi 18 chiyambire kufotokoza. Koma mu 2002 ofufuza a ku Basel, m'dziko la Switzerland, analola odwala 335 kulankhula osadulidwa, ndipo pafupifupi 4 mwa 5 alionse anatsiriza zonse mphindi 2 zisanakwane. Mphindi ziwirizo nzotsika mtengo poyerekeza ndi wodwala wobweranso katatu chifukwa vuto lake lenileni silinamveke. Ndipo nkodziwika kuti dandaulo limene wodwala amayamba nalo kawirikawiri si limene likumdetsa nkhawa koposa. Lalikulu limatuluka pomaliza, dzanja lili kale pa chitseko.

Wodwala wodziwa zimenezi saona nkhope yotopa ngati chiweruzo pa iye. Moni waulemu ndi mau okonzeka amafewetsa ngakhale wotopa.

Chithunzi chimajambulikanso

Popeza chithunzi cha mumtima chinajambulidwa ndi anthu, anthu omwewo angathe kuchikonza. Rogers anaphunzitsa kuti munthu amayamba kusintha pamene wapeza wina womumvetsera popanda kumuweruza. Umboni wake uli pafupi, ku Zimbabwe. Mu 2006 dokotala wa nthenda za maganizo, Dixon Chibanda, anayambitsa ku Harare ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi ogwira ntchito za umoyo m'madera anaphunzitsidwa kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kucheza ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amachitcha kufungisisa, ndiko kuti kuganiza mopitirira. Agogowo salalikira ndipo sapereka mapiritsi. Amamvetsera, nathandiza munthuyo kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, ndi kupeza yekha chochita. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2016, za anthu 573 a m'zipatala 24 za mu Harare, zinasonyeza kuti patapita miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi pafupifupi 14 pa 100 alionse ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za nthenda ya kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse anali pafupifupi 50. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina za m'Malawi.

Pakhomo ndi m'mudzi momwemo muli mabenchi ambiri otere ngakhale alibe dzina: khonde la agogo, gulu la amayi oyamwitsa, gulu la anthu omwa ma ARV amene amalandirirana mankhwala, ndi mlangizi wa zaumoyo woyendera mudzi. Munthu amene amadziona wachabe akamva mnzake akufotokoza vuto lomwelo mutu uli chilili, galasi limayamba kumuonetsa nkhope ina.

Naye mwini wake ali ndi gawo. Wosadziwa kuwerenga si wosadziwa kanthu: palibe dokotala amene amadziwa mwana kuposa mayi amene wagona naye usiku wonse, ndipo zimene mayiyo waona ndizo dokotala akuzisowa. Nkothandiza kukonza mau panjira, asanafike. Vutoli linayamba liti? Lili pati, ndipo limakula nthawi yanji? Chamwedwa kale nchiyani, kaya cha kusitolo kaya cha kwa asing'anga? Choopsa koposa chitchulidwe poyamba. Buku la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala akale zibwere nawo, pakuti zimanena zimene pakamwa paiwala. Ndipo asanadzuke pa mpando wodwala adziwe zinthu zitatu: nthenda yake nchiyani, achite chiyani akafika kunyumba, ndi chizindikiro chotani chimene chiyenera kumbwezera kuchipatala msanga.

Pali nthawi zina pamene kudzichepetsa kungathe kupha. Mwana amene wakomoka, amene akukana kuyamwa kapena kumwa, amene akusanza chilichonse, amene walefuka mosadzutsika kapena akupuma movutikira, sayenera kudikira pamzere. Chimodzimodzinso mayi woyembekezera amene akutaya magazi, wakomoka, kapena akumva mutu waukulu maso akuchita chidima. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, atakonza malo olandirira ana mu 2001 ndi kuphunzitsa antchito kusankha odwala kwambiri kuti aonedwe poyamba, imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa 100 alionse kufika pakati pa 6 ndi 8. Koma pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, pamene antchito ndi ochepa ndipo mwana ali m'chitenje kumsana, wosankhayo sangaone aliyense. Mayi amene wakhala kumapeto kwa mzere poopa kuti amuyesa wamwano ayenera kudzuka, kupita kutsogolo, ndi kuuza wantchito woyamba amene akumane naye, ngakhale ndi mlonda wa pachipata: "Zikomo bambo, mwanayu wakomoka panjira ndipo akukana kuyamwa."